Bambo Anga Ankatseka Mawindo

Chaka chimene migodi ya kumpoto inayamba kuchotsa anthu ntchito ndi chaka chomwenso bambo anga anabwera kudzationa ku Perth, kutsidya kwa nyanja. Zinthu ziwirizi sizinapangane, koma zinakumana pabalaza pathu, pa sofa imodzi, moyang'anizana ndi kanema.

Amuna anga anali atagwira ku migodiko zaka zingapo, milungu iwiri kuchipululu, mlungu umodzi kunyumba. Tsiku lina anatsika ndege ndi chikwama chawo n'kunena kuti sabwererakonso. Malaya awo a ntchito, owala ngati lalanje aja, ndinawachapa, ndinawasita, n'kuwapachika mu wadilopu. Anakhala momwemo mpaka fungo la fumbi lofiira linatha. Mumsewu mwathu ku Mirrabooka sitinali tokha. Nyumba zingapo zinali ndi zikwangwani zofuna anthu a lendi, ndipo magalimoto akuluakulu amene anyamata ankayerekedwa nawo anali ataima pa kapinga, atamatidwa mapepala oti akugulitsidwa. Ku tchalitchi abambo amene kale ankakangana za ndege ndi mahotela a ku migodi tsopano ankangopatsana moni n'kuyang'ana pansi. Ine ndinkagwira unamwino ku Joondalup, mashifiti osinthasintha. Amuna anga anapeza kaganyu koika katundu m'mashelefu ku Morley, masiku atatu pa mlungu. Masiku enawo ankakhala ndi rimoti m'manja.

Bambo anabwera pa viza ya miyezi itatu, amayi atamwalira. Abale ankati apite akapume, akaone zidzukulu. Ine ndinali ndi changa mumtima. Amayi ali m'chipatala ku Lilongwe, masiku awo omaliza, tinkalankhula pa foni, ndipo tsiku lina anandiuza kuti, “Za amalume ako, ukawafunse bambo ako. Ine ndatopa kusunga.” Ndinati, “Ndikafunse chiyani, amayi?” Iwo anangoti, “Akudziwa.” Sanabwerezenso.

Amalume angawo anali mlongo wawo wa amayi, wobadwa pambuyo pawo. Anali munthu wa nthabwala zoopsa. Akangomuona munthu kamodzi, basi, amutengera kayendedwe, kakhosomole, ngakhale mmene amakandira m'khutu. Ankatsanzira abusa, ankatsanzira mayi wogulitsa mandasi pa depoti, ankatsanzira amayi akakwiya mpaka amayiwo n'kuseka chikwapu chili m'manja. Ine ndikayamba kulira, iwo ankakhala pansi moyang'anizana nane n'kumalira ndendende ngati ine, ndi mamina omwe, mpaka ndiiwale chimene ndimalirira. Anatengedwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nthawi ija ya chipani chimodzi, tikukhala ku Dowa kumene bambo anali ahedi a sukulu ya pulayimale. Kunabwera galimoto m'mawa, anthu ovala bwino anawapempha kuti akacheze nawo pang'ono, ndipo kuchezako sikunathe. Patapita nthawi yaitali tinamva uthenga wapakamwa kuti anamwalira ndi matenda kundende. Maliro sitinaone, manda kulibe. Chimene ndinkadziwa n'chakuti anawatengera nthabwala imene anachita. Kupitirira apo, kwathu kunali zii.

Ndiye ndinali ndi miyezi itatu yoti ndifunse funso limodzi. Ine amene kuntchito amandidziwa kuti sindimeza mawu, amene ndimatha kumuimitsa dokotala pakhonde n'kumuuza kuti apa mwalakwitsa, ndinalephera kutsekula pakamwa pamaso pa bambo anga. Ndinayesa kamodzi, Loweruka lina tikuchokera ku shopu ya zakudya za kwathu ku Mirrabooka, ufa ndi usipa zili kumpando wakumbuyo. Titaima pa maloboti ndinati, “Bambo, amayi asanamwalire…” Iwo anati, “Amayi ako usipa uwu sakanaugula, ndi wakale.” Maloboti anasintha, ndinayendetsa galimoto. Mwezi woyamba unatha ndikungowafunsa ngati amwa mankhwala a bipi.

Kumudzi amuna anga sakanayerekeza kukhala mpando umodzi ndi apongozi awo. Koma nyumba yathu inali ndi sofa imodzi yokha yoyang'ana kanema, ndipo amuna awiri opanda kopita amafunika pokhala. Masiku oyamba amuna anga ankakhala pansi pa kapeti. Kenako bambo anati, “Akamwini, msana umenewo mudzaufuna. Khalani apa.” Anakhala, wina kumapeto uku, wina kumapeto uko, pakati pawo pali malo okwana anthu awiri.

Amuna anga anali ndi mapulogalamu awiri amene sankawaphonya. Yoyamba inali ya nthabwala za ndale, yobwera usiku anthu atadya kale. Munthu wovala suti ankakhala pa desiki n'kumanyoza nduna yaikulu ya dziko lino, kayankhulidwe kake, malonjezo ake, ngakhale tsitsi lake, anthu m'holo akufa ndi phwete. Inayo inali sewero la akazitape, la kamodzi pa mlungu.

Usiku woyamba umene bambo anaonera wa nthabwala uja ndinalipo. Kunali kutentha kwa ku Perth kuja, mphepo yochokera kuchipululu ikuwomba youma ngati ya mu uvuni. Munthu wa suti uja anaimirira n'kuyamba kuyenda ngati nduna yaikulu, kuyankhula ngati iyo, kulonjeza ntchito zimene kulibe. Amuna anga anaseka mpaka kumenya ntchafu, ndipo anali ndi chifukwa chake. Bambo sanaseke. Anayang'ana kanema, anayang'ana amuna anga, kenako anadzuka mwakachetechete, anapita pa windo, analitseka, anakoka makatani. Anapita pa lachiwiri, chimodzimodzi. Atabwerera ananena motsitsa mawu kuti, “Tatsitsaniko pang'ono, akamwini.”

Tsono makina oziziritsa nyumba amene tinali nawo ndi aja a padenga, opopa mpweya wonyowa. Amafuna mawindo akhale otsekula kuti mpweyawo uzituluka. Ukatseka, nyumba imasanduka bafa, makoma kuchita thukuta, zitseko kutupa. Ndinawafotokozera bambo zimenezi bwinobwino. Anamvetsera, anagwedeza mutu, mawa lake anatsekanso.

“Bambo, kuno si kwathu kwa kale kuja,” ndinatero. “Kuno nduna yaikulu amainyoza ngakhale ana a sukulu. Palibe amene angabwere.”

“Ndikudziwa, mama.”

“Nanga mukutsekeranji?”

“Udzudzu.”

Udzudzu wake uti? Mawindo onse anali ndi mawaya otchinga. Ndinangotsonya chamumtima n'kupita kukagona pa bedi lonyowa.

Woyandikana nafe anali mzungu wachikulire, wopuma pantchito, amene madzulo alionse ankathirira kapinga wake ndi paipi m'manja, ndudu ili pakamwa, pafupi ndi windo lathu la pabalaza. Munthu wosavuta, wongofuna kapinga wake asaume. Bambo anamuona mwa mtundu wina. Tsiku lina ndikutsika m'galimoto ndinawapeza ataima pa mpanda, atavula chipewa, akumuuza mzunguyo m'Chingerezi chawo cha uhedi chija kuti boma la dziko lino ndi labwino kwambiri, kuti iwo ndi mlendo chabe ndipo akuthokoza atsogoleri onse. Mzunguyo anangoti kukamwa yasa, madzi akuthirira nsapato zake. Kenako anawayankha kuti atsogoleriwo ndi akamberembere okhaokha. Bambo analowa m'nyumba nkhope itagwa, n'kundinong'oneza kuti, “Wamva mmene akundiyesera?”

Ndinaseka tsiku limenelo, ndisaname. Ndinakafotokozera anzanga ku tchalitchi, nawonso anaseka mpaka kugwirana. Lero ndikakumbukira sindiseka.

Chimene chinandithetsa phwete ndi cha mwana wathu wamkazi. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, wokulira kuno, womva Chichewa koma woyankha m'Chingerezi cha m'mphuno. Tikudya tsiku lina anaimirira n'kuyamba kutsanzira nduna yaikulu monga anaonera pa kanema. Abale inu, mwanayo anali ndi luso! Mapewa, milomo, kakhosomole kaja. Ndinaona amalume anga ataima m'khitchini mwanga. Bambo nawonso anawaona. Anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka makapu kudumpha. “Khala pansi!” Bambo anga, amene sanandikalipirepo moyo wanga wonse. Mwanayo anathawira kuchipinda akulira, akufunsa m'Chingerezi kuti agogo awalakwira chiyani. Bambo anatsala akuyang'ana chikhatho chawo. Pamenepo ndi pamene ndikanafunsa. Ndinatola mbale.

Sewero la akazitape ndi limene linawagwira mtima. Poyamba ankati n'zachibwana, akazitape enieni sathamanga ndi mfuti pamwamba pa nyumba, amakhala nawe pa ukwati n'kumadya nawe mpunga. Koma amuna anga, pofuna kusangalatsa apongozi, anawapezera zigawo zonse zakale, ndipo masana ine ndili kuntchito awiriwo ankaonera kuyambira pachiyambi. Nkhani yake inali ya amuna awiri, abwenzi a ponda apa nane mpondepo, ogwira ntchito limodzi. Mmodzi atapanikizidwa anapereka mnzake. Woperekedwayo anatengedwa, ndipo aliyense anakhulupirira kuti anafa. Wotsalayo anapitiriza ntchito, anakwezedwa, anamera imvi. Amuna anga anandiuza kuti pa chigawo choperekanacho bambo anapempha kuti abwezere m'mbuyo. Anachionera katatu.

Ndikabwera kuntchito ndinkawapeza akukambirana ngati ndi nkhani ya anthu a m'mudzi mwathu. Amuna anga ankati wopereka mnzakeyo ndi galu weniweni. Bambo ankangoti, “Mwina.” Nkhope ya amuna anga inali itayambanso kuwala. Kwa miyezi yambiri panalibe amene ankafuna maganizo awo pa chilichonse, ndiye apa anapeza apongozi owafunsa kuti, “Nanga uyu ndi wa mbali iti, akamwini?” Malo a pakati pa sofa aja anali atachepa, munali mbale ya mtedza yokha. Ndinkadziuza kuti sindikufuna kusokoneza mtendere umenewu. Linali bodza, ndinkaopa basi. Mwezi wachiwiri unatha.

Itatsala milungu itatu kuti bambo abwerere, ndinali pa shifiti yoweruka usiku. Tsikulo linali loipa, wodwala amene ndinamusamalira mwezi wathunthu anali atamwalira m'manja mwanga. Nditalowa m'nyumba chinyezi chinandimenya kumaso. Mawindo otseka, makatani okoka, kanema akunong'ona. Pa pulogalamu ya nthabwala ija panali mlendo, wazisudzo amene ankasewera mbali ya munthu woperekedwa uja. Anali atasiya seweroli zaka zingapo m'mbuyomo kukachita zina, n'chifukwa chake olemba anamuchotsamo. Tsopano anali atakhala pa mpando, ndevu zometa bwino, akuseka, akulengeza kuti akubwerera m'seweroli. Munthu wake uja sanafe ayi, anali m'ndende kwinakwake. Anthu m'holo anaomba m'manja, wa suti uja n'kuponyapo kuti masiku ano akufa akupeza ntchito msanga kuposa anthu a ku migodi. Amuna anga anaseka ndi mano okha.

Bambo anali atakhala kumphepete kwa sofa, manja ali pa mawondo. “Ndiye abwera?” anafunsa.

“Abwera, bambo,” anatero amuna anga. “Chigawo chomaliza cha chaka chino.”

“Adzapita kwa mnzake uja?”

“N'zosachita kufunsa.”

“Adzanena chiyani?”

Anafunsa ngati munthu wofunsa zotsatira za magazi. Ine ndine namwino, kafunsidwe kameneko ndimakadziwa.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaponya chikwama pansi, ndinakoka makatani, ndinatsekula windo loyamba mpaka linagunda, lachiwiri, la kukhitchini. Ndinalanda rimoti n'kukweza mawu kuti msewu wonse umve. “Abwere!” ndinakuwa. “Abwere adzatitenge! Ndatopa nako kugona m'thukuta chifukwa cha anthu amene anafa kalekale!” Kenako ndinazimitsa kanemayo n'kuima pamaso pawo ndi yunifolomu yanga. “Amayi anati ndikufunseni za amalume.”

Amuna anga anadzuka mwaulemu, anati akukaona ngati geti latsekedwa. Nyumba yathu inalibe geti.

Panja makina othirira kapinga a winawake ankangoti tsi, tsi, tsi. Kenako bambo anati, “Khala pansi, mama. Mlandu suola.”

Anandikumbutsa ukwati wa msuweni wawo wa amayi, umene ine ndinkaukumbukira chifukwa cha diresi langa lachikasu. Madzulo ake, akuluakulu atakhala kuseri kwa nyumba, amalume anatenga chipewa cha winawake ndi ndodo, n'kutsanzira mtsogoleri wa nthawi ija akulankhula pa msonkhano, iwo eni akudumphira mbali n'kumadzimasulira okha. Anthu analipo owerengeka, onse achibale kapena odziwana. “Ndinaseka kuposa onse,” anatero bambo. “Ndinagwa pa mpando.”

Patapita masiku anayi, anthu awiri anabwera kusukulu n'kuwatengera ku ofesi ina. Sanawamenye. Anawapatsa mpando ndi tiyi. Anawauza kuti akudziwa kale zonse, ndani analipo, ndani anakhala pati. Amene anakanena, bambo sanamudziwe mpaka kalekale. Anali mmodzi wa anthu a kuseri kwa nyumba aja, wodya nawo mpunga. Anthu awiri a mu ofesiwo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Anati, “Aphunzitsi, tamva kuti munaseka kwambiri. Ifenso timakonda kuseka. Tationetsani mmene alamu anu anachitira.”

“Ndinati ndaiwala,” bambo anapitiriza. “Iwo anati palibe vuto, tidikira, mwina akazi anu ndi ana anu angabwere kudzakuthandizani kukumbukira. Mmodzi anavula chipewa chake n'kundipatsa. Anandipatsanso rula ya pa desiki kuti ikhale ndodo.”

“Ndiye munachita?”

“Ndinachita.” Anapukuta nkhope ndi chikhatho. “Ndikanachita moipa, mama. Ndi chimene chimandidzutsa usiku. Ndikanangoyenda uku ndi uku, n'kunena mawu awiri osamveka, iwo n'kuona kuti ndi zopusa za anthu oledzera pa ukwati. Koma mantha anandipatsa luso limene ndinalibe. Ndinachita zonse, mawu onse, ndi kumasulira komwe, ndendende mmene alamu anga anachitira. Anthu aja anaseka. Mmodzi mpaka misozi, winayo akuseka uku akulemba. Atatha anandigwira chanza n'kunena kuti, ‘Pitani, aphunzitsi, ana akukudikirani.’ M'mawa mwake galimoto inapita kwa alamu anga.”

Ndinafunsa ngati amayi ankadziwa. Anati anawauza usiku womwewo, asanavule nsapato. Amayi anawauza kuti athamange akachenjeze mlongo wawo, athawe usiku womwewo. Bambo anatsekula chitseko, anaona kuti pansi pa mtengo wa kusukulu paima munthu akusuta, anabwerera m'nyumba. “Mwina anali mlonda chabe. Sindinapite kukaona.” Amayi anakhala nawo zaka zonsezo, anawaphikira, anawachapira, anawadwazika. Koma kuyambira tsiku limenelo, bambo akanena choseketsa amayi ankangodzuka n'kutuluka panja. Ndinaziona zimenezi ubwana wanga wonse, n'kumaganiza kuti amayi anangosiya kukonda nthabwala chifukwa cha ukalamba.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinawagwira dzanja n'kuwatonthoza. Ayi ndithu. Ndinapsa mtima, ndipo ndinawauza. Ndinati, “Munapulumutsa ife popereka amalume.” Iwo anati, “Eya.” Ndinkafuna akane, adziteteze, kuti ndikhale ndi cholimbana nacho, koma anangoti eya. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti ana amene ankawadikira aja ndinali ine. Sukulu yanga, unamwino wanga, nyumba ya ku Mirrabooka ndi makina ake a padenga, zonse zinatuluka mu ofesi imeneyo pamodzi ndi bambo. Ndinapita kuchipinda n'kumenyetsa chitseko, koma chinali chotupa ndi chinyezi, sichinatsekeke.

Milungu itatu imeneyo ndinapempha mashifiti owonjezera. Ndinkaika mankhwala awo pa tebulo ndi kapu ya madzi, moni wa m'mawa, basi. Amuna anga anandiuza kuti, “Mayi, munthuyu ndi wokalamba, ndiponso akupita.” Ndinawayankha kuti azisamala za mashelefu awo. Mawu amenewo ndinapepesa pambuyo pake, anali oipa. Bambo sanatsekenso mawindo. Pulogalamu ya nthabwala ikayamba ankadzuka n'kupita kuchipinda kwawo, ndipo amuna anga ankatsala okha ndi mbale ya mtedza.

Chigawo chomaliza chinaonetsedwa kutatsala masiku awiri kuti anyamuke. Bambo anasamba, anavala shati yoyera ndi tayi, ngati akupita kubwalo la milandu. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, ndikupukuta mbale imodzi yomweyo. Munthu uja anatulukadi m'ndende, wowonda, wotsimphina. Anayenda ulendo wautali, anafika pa nyumba ya mnzake, anagogoda. Mnzakeyo anatsekula. Anayang'anana. Nyimbo inayamba, mayina a ochita seweroli n'kumakwera.

“Zatha?” anafunsa bambo.

“Mpaka chaka cha mawa, bambo,” anayankha amuna anga, mawu ali pansi ngati olakwa ndi iwo.

Bambo anakhala akuyang'ana mayinawo mpaka onse anatha. Kenako anamasula tayi, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba.

Ku bwalo la ndege ndinawagwira chanza ngati mlendo wa ku tchalitchi. Anakumbatira mdzukulu wawo uja, anamuuza kuti ali ndi luso ndipo asalitaye. Kwa ine anati, “Wa m'sewero uja akadzayankhula, udzandiuze.” Ndinati ndamva.

Chaka chimenecho chinali chachitali. Amuna anga sanabwererenso ku migodi, anaphunzira ntchito yosamalira okalamba monga ambiri a ife. Mzungu wa kapinga uja anagulitsa nyumba, kapingayo anauma. Bambo ndinkawaimbira kamodzi pa mwezi, za mankhwala ndi za mvula. Mng'ono wanga amene ankakhala nawo ku Lilongwe anandiuza kuti akumapuma movutikira, miyendo ikutupa. Ine namwino ndinadziwa tanthauzo lake, komabe ndinkangofunsa za mvula.

Sewero litayambiranso tinaonera awiri, mawindo ali otsekula. Munthu uja analowa m'nyumba ya mnzake, anakana mpando. Mnzakeyo anayamba kufotokoza za ana ake, za mmene anamupanikizira. Wobwerayo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anamuuza kuti zaka zonse ali m'ndende ankapempha chinthu chimodzi, kuti adzamupeze ali moyo, adzamuuze pamaso kuti sadzamukhululukira. Anatuluka osatseka chitseko.

Amuna anga anazimitsa kanema. Ndinkaganiza kuti mtima wanga udzakhala pansi, chifukwa ndi mawu amene ndinali nawo pakhosi chaka chonse. Koma nditawamva m'kamwa mwa munthu wina ndinachita mantha. Ndinaona bambo atavala tayi yawo ija, akudikira.

Mawa lake masana, kwathu kukucha kumene, foni inalira. Mng'ono wanga anali atawauza bambo tsiku la sewerolo, ndipo iwo anali atalisunga. Ndinali pamalo oimika magalimoto kuntchito, dzuwa likuswa mtengo. Mawu awo anali ochepa, opumira pakati.

“Mwaonera, mama?”

“Taonera, bambo.”

“Wanena chiyani?”

Ndinayang'ana phula likunyezimira. Khwangwala wina wa kuno, aja olira ngati khanda, anali atatera pa galimoto ya pafupi. Ndinati, “Wamukhululukira, bambo. Wanena kuti akanakhala iye, nayenso akanachita zomwezo chifukwa cha ana. Akhala pansi, amwa tiyi.”

Kenako ndinamva kaphokoso kamene ndinali ndisanakamve chichokereni masiku a diresi lachikasu. Bambo anga ankaseka. Kuseka kofooka, kothera m'kutsokomola, koma kuseka ndithu.

“Iwe sudziwa kunama,” anatero. “Unatengera amayi ako.” Anapuma kaye. “Koma tabwereza, mama. Unene pang'onopang'ono.”

Ndinabwereza. Ulendo wachiwiriwu munthu wa pa kanema uja ndinamusiya. Amalume sindikanawayankhulira, amayi sindikanawayankhulira, ndinanena zanga zokha, kuti ine ndawakhululukira, ndikulira pakati pa magalimoto a anthu. Bambo anati zikomo, n'kundiuza kuti ndilowe ntchito ndingachedwe.

Anamwalira mvula ya chaka chimenecho isanathe. Nditapita kumaliro ndinafunsa mng'ono wanga ngati masiku omaliza anali ndi mtendere. Iye anati ankagona bwinoko, ndiponso ankadya. Koma mpaka usiku womaliza, wailesi ikangoyamba nkhani za ndale, ankamutuma kuti akatseke mawindo.